Tipange chiyani ndi ana pa 6 Julaye ndi patchuthi chikubwerachi?

Mayi a Tadala, Area 25:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi pempho. Ndili ndi ana atatu: wamkulu ali sitandade 6, wachiwiri sitandade 3, wotsiriza ndi wa zaka zinayi, ntchito yake kuphwasula zimene anzakewo apanga. Kuonjezera apo achemwali anga a ku Kasungu akuti awo awiri abwera kuno sukulu zikatsekera. Ndiye muone, ana asanu m'nyumba ya zipinda ziwiri, foni yanga imodzi yomwe amachita kulandirana ngati chikho cha thobwa. Ndikufuna zoti azipanga ndi manja. Tiyambe ndi 6 Julaye watsala pang'onoyu, chifukwa chichitikireni ngozi ya pa Bingu Stadium mu 2017, pomwe anthu asanu ndi atatu anafa popanikizana polowa, ambiri mwa iwo ana, ine kuchigulu sindipita ndi mwana. Tikhala pakhomo. Koma ndisaname, yogulira penti ndi manila ndilibe. Amene muli ndi nzeru ndigawireniko.

Aphunzitsi a ku Ntcheu:
Amayi a Tadala, mwagogoda pakhomo loyenera. Ife a pulayimale zopanda ndalamazi ndiye chakudya chathu, ku koleji anatiphunzitsa TALULAR, kuti chilichonse chimene chili pafupi nawe ndi chipangizo chophunzitsira. Yambani ndi mbendera. Pemphani katoni ya sopo pa okala, muidule 45 cm m'litali ndi 30 cm m'lifupi. Mizere itatu yofanana, uliwonse 10 cm: wakuda pamwamba, wofiira pakati, wobiriwira pansi. Wa sitandade 6 uja ndiye agwire rula, masamu amulowe asakudziwa.

Chakuda ndi makala osinja bwinobwino n'kusefa. Chofiira ndi katondo, kapena chidutswa cha njerwa yootcha mochipera pamwala. Chobiriwira sinjani kholowa kapena bonongwe mumtondo, mufinyire pa kansalu. Zonsezi muzisakaniza ndi phala kuti zigwire pa katoni, apo ayi zikauma zimangoyoyoka.

Phala lake ndi la ufa wa chinangwa, womwe uja wa kondowole. Masupuni awiri m'kapu imodzi ya madzi ozizira, mutakase kaye kuti pasakhale zibuluma, kenako pamoto wochepa mpaka liyambe kunanda ndi kuwala. Thiranimo kamchere kuti lisachite chuku msanga. Ufa woyera wa chimanga sumata bwino, musadzivutitse nawo.

NaChisale:
Aphunzitsi, zonse ndavomera koma za masambazo ndikutsutsaniko. Ndinayesa chaka chatha ndi ana anga. Tsiku loyamba inali yobiriwira ndithu, anthu odutsa kumachita kuima. Pofika tsiku lachitatu mzere wapansi uja unali ngati fodya wa m'chigafa. Mwana wanga anafunsa kuti kodi dziko lauma? Ine ndimapita kwa telala wa pamsika, ndimapempha tizidutswa ta nsalu tomwe amasesa madzulo. Sakaniza, amachita kukuthokoza kuti wamuchotsera zinyalala. Ana amasankha okha tobiriwira, tofiira ndi takuda, n'kumamata timodzitimodzi. Zimatenga tsiku lonse, ndipo ndi chimene mukufuna amayi a Tadala, kuti atanganidwe.

Aphunzitsi a ku Ntcheu:
Apo mwandigwira, asisi. Zoona masamba sakhalitsa. Ife kusukulu timangofuna ifike tsiku loonetsa basi kkkk.

Bambo a Chisomo:
Chovuta pa mbendera yathu si mizereyo, ndi dzuwa. Chofiira pa chakuda sichioneka, mupake kakhumi chidzangomira. Dulani dzuwalo padera. Tengani pepala lofiira, ngakhale chikutiro cha kope yakale, muvindikirepo kapu n'kuzunguliza pensulo, mudule pakati. Theka limenelo ndi limene mumate pa mzere wakudawo, lichite ngati likutuluka kuchokera m'mzere wofiira. Malawi ake ndi 31. Ine ndimagwiritsa ntchito timitengo ta machesi toyatsa kale, kutiviika mu katondo. Chinsinsi chake: yambani ndi kamodzi pakatikati choimirira, kenako 15 kumanja, 15 kumanzere. Mukayambira kumapeto mudzafika pakati malo atatha muli pa 22.

Mayi a Tadala, Area 25:
Abale inu, zaka zonsezi ine sindimadziwa kuti timizere tija tili ndi nambala yake. Ndimayesa amangojambula mmene dzanja lathera. Nanga 31 wachokera pati?

Aphunzitsi a ku Ntcheu:
Kufotokozera kwake n'koti pomwe timalandira ufulu pa 6 Julaye 1964 tinawerengedwa ngati dziko la nambala 31 mu Africa kukhala pa ufulu. Ndipo ana akamapaka muziwauza tanthauzo, asamangodetsa manja. Chakuda ndi anthu a mu Africa, chofiira ndi magazi a amene anafera ufulu, chobiriwira ndi nthaka yathu ndi zomera zake, dzuwa lotuluka ndi m'bandakucha wa ufuluwo. N'chimodzimodzi ndi ndalama yathu, kwacha ndi tambala, zonse zikukamba za kucha. Pa chofiirapo mpamene ine ndimakhalitsa. Ndimawauza za a John Chilembwe ndi 1915, za pa 3 Malichi 1959 pomwe anthu anaomberedwa padoko la Nkhata Bay atasonkhana kufuna abale awo omwe anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Mwana amene akupera njerwa ndi manja ake uku akumva nkhani imeneyi saiwala. Mayeso akabwera amangokumbukira chala chimene chinasupuka.

Mayi a Zione, Manchester:
Ndiseke kaye ndisanalembe. Chaka chatha kusukulu kwa mwana wanga kunali tsiku loti aliyense abwere ndi mbendera ya kwawo kwa makolo ake. Ine ndi changu changa ndinangolowa pa intaneti usiku ndikuchokera ku ntchito, n'kusindikiza yoyamba imene ndinaiona. Mwana wakhala pansi, waidula bwino, waimata pa kamtengo, wapita nayo. Madzulo ndatumiza chithunzi kwa amalume ake ku Zomba, iwo kuyankha kwake: "Mlongo, mwana mwamupatsa mbendera ya Bingu." Kuyang'anitsitsa, zoonadi, chofiira pamwamba, chakuda pakati, dzuwa loyera lathunthu pakatikati. Manyazi ake! Ndiye amene mukukopera pa intaneti yang'anitsitsani, yakale ija ikadali mbwee.

Che Jafali:
Kkkkk achemwali mwandiphetsa. Ija inabwera mu 2010, ankati dzuwa silingakhale likutulukabe zaka zonsezi, latuluka lonse tatukuka. Malawi ake anali 45. Sinathe ndi zaka ziwiri zomwe, mu 2012 a Joyce Banda atalowa, aphungu anabwezeretsa yakale. Ine ndili ndi kapu ya tiyi yojambulidwa imeneyo, ndikusunga, zidzukulu zidzagulitsa modula.

Mayi a Zione, Manchester:
Ndiye china, ana obadwira kunowa amasokoneza yathu ndi ya Kenya poti mitundu ikufanana. Ndinawauza kuti ukaona chishango ndi mikondo ndi timizere toyera, imeneyo ndi ya eni ake, yathu ndi ya dzuwa. Kuno sukulu zitsekera kumapeto kwa Julaye mpaka kuyamba kwa Seputembala, masabata asanu ndi limodzi, ndipo ndi nyengo yokhayo imene kunja kumafundako. Zipangizo m'mashopu zilipo zosayamba, koma mukudziwa chimene Zione amandivutitsa nacho? Galimoto ya mawaya. Anaiona kwa asuweni ake titabwera kumudzi, mpaka lero nyimbo ndi yomweyo. Bambo ake amayankhula zambiri kuti ankapanga ali mwana, koma ndikawapatsa waya amati pulaya yakuno si yabwino.

Wa pa Chinsapo:
Koma anthu inu mumandidabwitsa. Ufulu wake uti woti mpaka ana adetse manja? Shuga mtengo wake mwauona? Mafuta pa filing'i siteshoni mizere mwaiona? Ndipo mitundu mukupakayo ndi ya chipani, musawanamize ana.

NaChisale:
Achimwene, shuga akwere asakwere ana atsekera basi, ndipo akhala pakhomo. Mukufuna tiziwapatsa mitengo ya zinthu kuti aziloweza?

Aphunzitsi a ku Ntcheu:
Pa za mitundupo sananame kwenikweni. Mbendera ya dziko inatengera mitundu ya mbendera ya Malawi Congress Party, chomwe chinali chipani chotsogolera pa nthawi ya ufulu, n'kuonjezerapo dzuwa. Imeneyo ndi mbiri, ndipo mwana wa sitandade 6 akhoza kuuzidwa osabisa. Koma ya dzuwayi ndi yomwe Flames imanyamula, ndi yomwe ma Queens amanyamula, ndipo pamenepo sindinaonepo munthu akufunsa khadi la chipani.

Adimini:
Tathokoza nonse, koma za ndale zithere pomwepa. Malamulo a gulu mukuwadziwa. Tibwerere ku makatoni.

Gogo NaPhiri:
Zidzukulu zanga, mundikhululukire kalembedwe, akundilembera ndi mdzukulu wanga, ine maso anatha. Ine ufulu unandipeza ndili kamtsikana. Nthawi ya a Kamuzu 6 Julaye sinali yokhala pakhomo ayi, ana asukulu tinkayamba kukonzekera kukadali milungu, kuguba, kuvina, mpaka miyendo kutupa. Zina zinali zokakamiza, tisabise. Koma chimene ndimakumbuka ndi chisangalalo ndi ulendo umodzi womwe bambo anga ananditengera ku Blantyre usiku kukaona magetsi amitundumitundu atawamangirira mumsewu, ndi chipilala cha ufulu chija chodutsa pamwamba pa msewu waukulu. Titabwerera kumudzi tinaumba chathu cha dongo, n'kumadutsitsa pansi pake ng'ombe zathu zadongo.

Ndiye za dongo ndikuuzeni, poti ana a lero akaumba chimasweka n'kumalira. Dongo labwino ndi la kudambo kapena la pachulu. Mukabwera nalo musaumbe tsiku lomwelo. Chotsani timiyala ndi timizu, mulinyowetse, mulifunditse ligone. M'mawa mulikande ngati mukukanda ufa wa mandasi, ndipo musakanizemo mchenga wosefa pang'ono, kapena phale lakale losinja. Chimenecho ndiye chimaletsa kung'aluka. Mukaumba musaike padzuwa! Ana amafulumira, amafuna chiume lero lomwe. Ikani pamthunzi, kuseri kwa nkhokwe kapena pansi pa bedi, masiku anayi kaya asanu. Chikayamba kulimba muchikhule ndi kamwala kosalala ka kumtsinje, chimawala ngati mwachipaka mafuta. Pootcha, chiikeni m'mbali mwa moto kaye chizolowere kutentha, kenako muchikwirire ndi makala kapena zitsononkho. Nyanga za ng'ombe tinkaika minga, maso tinkaika mapira.

Mayi a Tadala, Area 25:
Agogo, zikomo kwambiri, ndasunga uthenga wanuwu. Ine ndinakulira m'tauni, dongo ndinkangoliona pa mbiya ya amayi. Kuno ku 25 dambo lilipo kumunsi kwathu, anthu amaumbako njerwa. Ndipita nawo ndekha Loweruka, maenje ake aja sindingatumeko ana okha.

Bambo a Chisomo:
Amayi a Zione, auzeni bambo a kwanuwo kuti pulaya ilibe mlandu, ife tinkapinda ndi mwala ndi mano. Nayi njira, muwawerengere.

Mawaya akhale a mitundu iwiri: wokhuthala wa thupi la galimoto, ndi wopyapyala womangira. Kunoko wokhuthala timatola zotsala pomwe akumanga mpanda kapena nyumba, kwanuko mahang'ala a zovala a waya aja ndi abwino zedi. Womangira ndi wa kopa wa m'chingwe cha magetsi chakutha, kapena malegeni odula mopyapyala kuchokera ku chubu cha njinga. Muyambe ndi tchesisi, makona anayi, mbali ziwiri zazitali zifanane ndendende apo ayi galimoto izidzayenda chammbali ngati nkhanu. Pamwamba pake mumange thupi. Mateyala dulani ku patapata wakutha, kapena phatikizani zitsekerero ziwiri za botolo n'kuzikulunga ndi mphira. Kumbuyo ekiselo ndi waya wowongoka basi. Kutsogolo ndiye pali luso: teyala lililonse likhale pa kawaya kake kopindika, tiwirito mutilumikize ndi kawaya kena kopingasa, ndipo chiwongolero chachitali chija chikole pamenepo. Mwana akapotoza m'manja ali chiimire, mateyala onse awiri akhotere limodzi. Tsiku limene zimenezi zitheke mudzamuona mwana sakufunanso kudya.

Nsonga zonse za waya muzipinde zibwerere m'kati. Ndili ndi chipsera pa ntchafu cha 1994 chondikumbutsa. Pomaliza dulani kambendera kakang'ono muike kutsogolo ngati galimoto ya nduna. Anyamata apange zimenezi, atsikana aziumba miphika ndi kusoka zidole.

Makaniko wamkazi wa ku Mzuzu:
A bambo a Chisomo, zonse mwalemba bwino mpaka mzere womalizawo. Amene akufuna galimoto ku Manchester ndi Zione, mtsikana. Ine amene ndikulemba pano ndinayambira pa mawaya omwewo, alongo anga ankandithamangitsa, ndinkapangira kuseri kwa bafa. Lero galimoto zawo zenizeni zikafa amaimbira ine. Mwana asankhe yekha, wina wamwamuna adzafuna singano musamuletse, matelala ambiri m'misikamu ndi abambo.

Bambo a Chisomo:
Ndagonja amayi, ndalakwa. Ndi chizolowezi cha mmene tinakulira. Ndipo poti mwabwera, galimoto yanga ikumalira kutsogolo ndikamakhota, ndikupezani ku inbox.

Makaniko wamkazi wa ku Mzuzu:
Ya mawaya kapena yeniyeni? Kkkk.

Che Jafali:
Kwa ang'onoang'ono amene waya sangamuthe, paketi ya Chibuku ndiye galimoto yachangu. Kutsuka, kuboola mbali, kulowetsa timitengo tiwiri, zitsekerero zinayi, chingwe kutsogolo, yatha. Basi ya Lilongwe–Blantyre imeneyo.

Mayi Busa:
Che Jafali, paketi ya mkaka kapena ya juwisi imagwiranso ntchito yomweyo. Mwana asamapite kukatola zinthu kumalo omwera mowa, ndapota nanu.

Che Jafali:
Amayi, ine ndi Msilamu, sindimwa n'komwe, ndimangonena zimene tinkatola m'njira. Koma mwanena zoona, ya mkaka ikhale.

Namwino wa ku Thyolo:
Ndilowererepo ndi za ntchito yanga, poti tchuthi chikafika timalandira ana ambiri ovulala ndi zosewera. Pali timbewu tina ta m'tchire tofiira kwambiri, tonyezimira, tokhala ndi kadontho kakuda kumutu, timamera pa kachomera koyanga. Poti ndi tofiira ndi takuda, mwana wofuna mkanda wa mitundu ya mbendera amathamangira timeneti. Ndi poizoni woopsa, makamaka tikabooledwa kapena kutafunidwa. Nthanga za nsatsi chimodzimodzi. Mkanda apange ndi nthanga za maungu zouma, chimanga, kapena mapepala okulunga. Utomoni wa nkhadze asauyese guluu, ukalowa m'maso ndi nkhani ina. Chakuda chochokera m'mabatire akutha, chija ena amadetsera bolodi, ayi, makala alipo. Ndipo lezala lotola pansi kapena lobwerekana ayi ndithu. Zodula azidula wamkulu, kapena mugule kasizasi kosasongoka. Wa zaka zinayi uja amayi a Tadala mumuyang'anire pa zitsekerero ndi nthanga, msinkhu umenewo chilichonse chimapita m'mphuno.

Mayi a Tadala, Area 25:
Anamwino mwamudziwa bwanji mwana wanga? Mwezi wa Epulo tinakachotsa nyemba m'mphuno kuchipatala.

Neba wa ku Chipata:
Muli bwanji a Malawi, ine ndimangowerenga mwakachetechete koma lero ndiyankhuleko. Ife ufulu wathu ndi wa chaka chomwecho cha 1964, koma pa 24 Okutobala, ndiye inu ndinu akulu athu ndi miyezi itatu ndi masabata. Kusiyana kwake n'koti inu mumakondwerera mukunjenjemera ndi chisanu, ife thukuta lili kamukamu. Za agogo zoumitsa pamthunzi kwathu n'zofunika kawiri, dongo la mu Okutobala ukaliika padzuwa limang'aluka usanatembenuke. Mbendera yathu imavuta pa nkhwazi ija ili pakona. Ana akajambula imatuluka nkhuku. Ine ndinapeza nzeru yodula nkhwazi imodzi yabwino pa katoni yolimba, onse azingozunguliza pensulo. Poti nkhwazi ilinso pa chizindikiro cha boma lanu, mukhoza kubwereka nzeruyi, sitilipiritsa.

Aphunzitsi a ku Ntcheu:
Aneba mwandikumbutsa china chosavuta. Tengani ndalama yachitsulo, K10 kapena K5, muike pansi pa pepala, mwana azikhula pamwamba ndi pensulo mopendeketsa. Chizindikiro cha boma chimatuluka chokha: mkango mbali ina, kambuku mbali ina, nkhwazi pamwamba, ndi mawu aja akuti Unity and Freedom pansi. Ndalama zimenezi pamsika sizigulanso kanthu, bola zigwire ntchito imeneyi. Ngati agogo ena anasunga 1 tambala yakale ya tambala uja, ndiye chuma. Kwa okulirapo, atulutsireni ndalama zamapepala aone nkhope: a James Sangala pa K100, mayi Rose Chibambo pa K200, a Chilembwe pa K500. Aliyense asankhe mmodzi, amujambule, akafufuze kuti anachita chiyani. Atsikana a m'kalasi mwanga akamva kuti mayi Chibambo anamangidwa mu 1959 ali ndi khanda, n'kupita nalo kundende, amakhala chete kalasi yonse.

NaChisale:
Koma ndalamazo muziwerenga akamaliza kujambula. Ndikunena zimene ndinaona.

Mphwanga wa ku Nkhotakota:
Palibe amene watchula kaiti? Tchuthi chachikulu chimagwera mu Ogasiti, mwezi wa mphepo, kuno kunyanja mwera umachita kukugwetsa. Timitengo tiwiri topepuka, nsungwi yong'alula mopyapyala kapena bango, kamodzi katali kena kafupi, kumanga mopingasa. Pepala la thumba la simenti losanjikiza kamodzi ndiye lolimba, nyuzipepala imang'ambika msanga. Ulusi musagule, somphololani thumba la feteleza n'kumalumikiza, ntchito imeneyo yokha imadya m'mawa wonse. Mchira ndiye mumangepo tinsalu ta kwa telala ta a NaChisale, takuda, tofiira, tobiriwira. Kaiti ikamazungulira n'kugwa chamutu ndiye kuti mchira wafupika, onjezerani. Koma akaulutsire ku bwalo la mpira. Mphwanga wina anaikoletsa pa mawaya a magetsi n'kuyamba kuitokosa ndi nsungwi yaiwisi, mwayi anthu anamukuwira msanga. Ikakola pamenepo yapita, apange ina.

Gogo NaPhiri:
Mwana wa ku Nkhotakota wanena zoona. Ndiponso nthawi ino anthu akolola, mapesi ali mbwee m'minda. Phesi ukalisenda, khungu lake lija limapindika, m'kati mwake mofewamo mumalowa chilichonse. Tinkapanga magalasi a m'maso, njinga, wailesi, ngakhale kanyumba ka zitseko zotseguka. Osafuna guluu, kumangobaya. Khungulo limacheka zala ngati lezala, ndiye oyamba awasendere akuluakulu. Atsikana tinkapanganso zisekese: mapesi a udzu okhwima kuwalumikiza ngati kamphasa kawiri, m'kati kuikamo timiyala kapena nthanga, kutseka m'mbali. Mukaimba nyimbo ya fuko pakhomopo pakhale choliza.

Mayi a Zione, Manchester:
Agogo mwandiliza. Mapesi kuno ndiwapeza kuti? Ndayesa ndi timapaipi tomwera juwisi ta mapepala, magalasi atheka ndithu koma sakununkhira kumunda. A bambo a Chisomo, uthenga wanu ndawawerengera bambo a Zione. Achotsa mahang'ala anayi mu wadiropu, malaya anga a ku tchalitchi ali pabedi. Tiona.

Mayi a Tadala, Area 25:
Ndabweranso kudzapereka lipoti, poti munandithandiza ndi mtima wonse. Mbendera tinapanga ziwiri. Ya Tadala tinatsata a NaChisale, ya tinsalu, ndipo telala wake anatipatsa jumbo yodzadza mpaka anafunsa ngati tibwerenso mawa. Yachiwiri mng'ono wake anakakamira ya makala ndi njerwa, akuti za nsalu n'zachikazi, a makaniko a ku Mzuzu mubwere mudzamulangize. Phala loyamba ndinalilimbitsa kwambiri linakhala kondowole weniweni, wamng'ono uja anadyako theka. Lachiwiri linatheka.

Pa machesi paja panali nkhondo. Tinayamba pakati monga ananenera bambo a Chisomo, koma powerenga pomaliza tinapeza 29. Tawerenganso, 29. Kufufuza, tiwiri tili m'thumba la kabudula wa wamng'onoyo, akuti ndi ndodo za ng'oma. Tamata, zakwana. Tadala anafotokozera ana a aneba tanthauzo la mitundu ngati mphunzitsi, ine kumangomvera pazenera. Pa chofiira anati "magazi a anthu a ku Nkhata Bay ndi a Chilembwe," ndiye mnzake wina anafunsa ngati njerwayo inachokera ku Nkhata Bay komweko.

Tsoka linagwa usiku. Ya makala ija tinaisiya pakhonde kuti iume. M'mawa tapeza mbuzi ya aneba yadya mzere wobiriwira wonse ndi theka la wofiira, kutsata kholowa ndi phala lija. Mwana analira mpaka aneba anabwera kudzapepesa atanyamula mbatata. Ndiye aphunzitsi, ya masamba ija kwathu sinafike n'komwe pofota.

Aphunzitsi a ku Ntcheu:
Kkkkkk pepani amayi. Ndinaiwala kunena kuti phala la chinangwa limaitana mbuzi, mphemvu ndi makoswe. Muziyanika pamwamba, ndipo ikauma muipachike pakhoma. Mnyamatayo muuzeni apange ina, pano waidziwa kale njira, sizimutengera tsiku lonse.

Bambo a Chisomo:
Mbuzi imeneyo ikaonekere kukhoti, pali lamulo loteteza mbendera.

Neba wa ku Chipata:
Ikathawire kuno, tiibisa.

Mayi a Zione, Manchester:
Lipoti la kuno: galimoto yatheka koma ikukhotera kumanzere kokha. Bambo ake akuti ndi mmene amayendetsera kuno ndi kumudzi komwe, palibe cholakwika. Zione wagona nayo pabedi. Mahang'ala atha asanu ndi awiri.

Makaniko wamkazi wa ku Mzuzu:
Kawaya kopingasa kolumikiza mateyala akutsogolo kafupika mbali imodzi. Amasule, ayeze kuchokera pakati, amangenso. Zione agwire pulaya yekha ulendo uno, bambowo angoyang'ana.

Gogo NaPhiri:
Amayi a Tadala, nanga dongo lija munakatenga?

Mayi a Tadala, Area 25:
Tinakatenga agogo, ndowa imodzi. Pansi pa bedi panopa pali ng'ombe zisanu ndi imodzi, mphika, foni yadongo, ndi chinthu china chimene mwini wake akuti ndi chipilala cha ku Blantyre koma chikuoneka ngati mafuwa. Lero ndi tsiku lachitatu, palibe chang'aluka kupatula ng'ombe imodzi yomwe wina anaitulutsa mobisa kukaiika padzuwa. Zina zonse tikudikira a ku Kasungu afike kuti tidzaotchere limodzi. Funso langa, zitsononkho ndilibe kuno, makala a mbaula okha akwanira? Ndipo wa ku Nkhotakota, thumba la simenti ndalipeza koma lili ndi fumbi lambiri, ndingalipukute ndi kansalu konyowa kapena liwonongeka?

Mphwanga wa ku Nkhotakota:
Likung'untheni kaye panja ana ali kutali, fumbi lake si labwino m'maso ndi m'chifuwa. Kenako tengani pepala la pakati, mapepala ake amakhala osanjikizana, lapakatilo limakhala loyera bwino. Madzi ayi.

Gogo NaPhiri:
Makala akwanira mwanawe, koma moto usakhale waukali poyamba. Ndipo foni yadongoyo muiotche bwino, ndi imene azilandirana.